Kodi Ndimalize Kapena Ndilekere Panjira?

 Mwandipatsa mphindi zochepa, tsono ndingolunjika pa nkhani.

Chaka chatha mphwanga amene ali pa ntchito ku Johannesburg ananditumizira mabuku asanu a mlembi wa ku America, George R. R. Martin, otchedwa A Song of Ice and Fire. Loyamba linatuluka mu 1996, lachisanu mu 2011. Mlembiyo akuti adzakhala asanu ndi awiri, koma pamene ndimakonza mawu awa lachisanu ndi chimodzi linali lisanaoneke. Komiti yathu yandipempha kuti ndiwapereke ku laibulale ya sukulu, choncho ndiyenera kukuuzani zomwe ndinapezamo.

Ndi nkhani yopeka ya mafumu olimbirana mpando, zinjoka zolavula moto ndiponso akufa oyendayenda. Izi sizinandiopse ayi. Agogo athu kuno ku Mchinji ankatisimbira za afiti ndi zimphona tili pamoto. Chimene chinandiopsa ndi anthu. M'buku loyamba munthu wolungama, Ned Stark, amudula mutu. M'buku lachitatu mwana wake Robb ndi mayi ake aphedwa pa phwando la ukwati, wowapereka ali mwini nyumba yemwe anawalandira ndi chakudya. Ife timati mlendo ndi mame. Bukulo ndinalitseka, ndi kulisiya pa matumba a mtedza miyezi itatu.

Ambiri a ife tinaphunzira nthawi imene Boma linkatisankhira zowerenga, potsata lamulo la 1968. Mukukumbukira kuti ndakatulo za Jack Mapanje zinachotsedwa m'masukulu, mwini wake n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991. Ufulu tinaulira ndipo tinaupeza. Walira mvula walira matope: lero kusankha kwatsalira ife. Tsono ndinadzifunsa mafunso atatu.

Loyamba, kodi anthu a m'bukumo ndikuwakumbukabe? Tsiku lina ndikudikira minibasi ya ku Lilongwe pano pa Kamwendo, ndinapezeka ndikudera nkhawa kamtsikana Arya, mlongo wake wa Robb, ngati mwana wa m'bale wanga. Buku limene anthu ake mwawaiwala, lisiyeni, simunalakwire munthu.

Lachiwiri, kodi mlembi akukometsera nkhanza, kapena akuonetsa kuwawa kwake? Arya amadutsa m'midzi yotenthedwa ndi m'minda yosiyidwa, eni ake atathawa nkhondo ya akuluakulu. Ndinakumbukira abale athu a ku Mozambique amene anathawira m'dziko muno, oposa miliyoni imodzi, nkhondo yawo isanathe mu 1992. Mlembiyu sabisa kuti wolipira nkhondo ndi mlimi.

Lachitatu, kodi ndingapirire nkhani yopanda mathero? Bambo Martin anabadwa mu 1948, ndipo ine maso ayamba kuchita chidima. Ndinavomera kuti mwina sindidzamva amene anakhala pa mpandowo. Ngakhale agogo nthawi zina ankagona nthano isanathe, koma sitinkadandaula kuti tataya usiku.

Kotero ndinalitola bukulo, ndi kumaliza onse asanu. Ndisakunamizeni, lachinayi ndi lozizira, mumatuluka anthu achilendo ambiri, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kulekanso. Komabe sindikunong'oneza bondo.

Ku komiti yankho langa ndi ili. Mabukuwa ndipereka, koma akhale m'kabati ya aphunzitsi, pakuti muli zakupha ndi zakuchipinda zosayenera ana. Ana athu a Fomu 1 tiwagulire kaye Nthondo wa Samuel Ntara ndi Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe. Inu akuluakulu amene mufuna kubwereka, yambani ndi loyamba, ndipo mukafika pa ukwati uja mudzandipeze tidzakambirane.