Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Masewera a Ana a Sukulu ku Chiradzulu



Pali maganizo amene anazika mizu pakati pathu, akuti mwana akamasewera ndiye kuti akutaya nthawi. Ine ndikutsutsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga ndi kutuluka thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Ana amenewo anakula, ena ali m'makalasi mwathumu. Boma lachita mbali yake: limaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya kusikelo ndi kusukulu, ndipo shuga wogula m'sitolo amakhala ndi vitamini A. Vuto ndi lakuti mwana amaloweza maguluwo pabolodi, n'kukhoza mayeso, koma akapatsidwa ndalama yodyera amathamangira majigisi ndi mafirizesi.

Taonani zimene atsikana ena anachita m'mawawu. Anajambula phada pansi ndi kamtengo, zipinda zisanu ndi chimodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwala ukagwera m'chipinda cha zanyemba, wodumphayo atchule nandolo kapena khobwe mwendo umodzi uli m'mwamba. Akazengereza, wadyeka, alowe mnzake. Mwana amene wadyeka chifukwa choiwala kuti bonongwe ali m'gulu liti saiwalanso, pakuti anzake amuseka ndipo mawa akufuna kubweza. Izi bolodi silingathe. Fulaye, jingo ndi chipako zingagwire ntchito yomweyo. Amfumu, ndinakuonani mwendo ukugwedera paja, nanu mumafuna mutadumphako!

Wina anena kuti: mwana wanjala mumuthamangitsa bwanji? Funso limeneli ndi lolemera, makamaka kuno kumene namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi kutilanda abale athu mu Malichi 2023. Zoona, masewera salowa m'malo mwa chakudya, ndipo n'chifukwa chake phala la kusukulu, monga lija a Mary's Meals anayamba kupereka m'dziko muno mu 2002, liyenera kutetezedwa, nkhuni ndi ophika zisamasowe. Koma tisabise mawu, makolo anzanga. Si nyumba zonse zimene ana akunyentchera chifukwa chosowa. Chiradzulu ndi boma la ng'ombe za mkaka, la nandolo, la tomato ndi kabichi. Zigubu za mkaka zimapita zonse kokagulitsa m'mamawa, osasiyako ngakhale kapu imodzi. Mazira onse apita ku Mbulumbuzi kapena ku Limbe, mwana n'kudyera nsima thelere sabata yathunthu. Ndalama ndi yofunika, sindikukana. Koma mwana amene waphunzira maguluwa podumpha phada adzafika pakhomo n'kufunsa kuti, "Amayi, lero tadya magulu angati?" Funso la mwana wako limalasa mtima kuposa uphungu wa mlendo.

Aphunzitsi nawo ali ndi dandaulo lomveka: kalasi imodzi ana oposa 100, silabasi yaitali, zipangizo palibe. Koma gulu lotere ndi limene limavuta kuliphunzitsa litapanikizana pansi m'chipinda chotentha. Panja mumaligawa m'timagulu, ana okhaokha n'kumayang'anirana. Zipangizo zake ndi dothi, mwala, chingwe, botolo ndi mpira wachikulunga. Palibe chodikira thandizo lochokera ku Lilongwe. Chimene ndikudandaula nacho ndi chizolowezi cholanda nthawi ya masewera n'kuipereka ku masamu mayeso a Sitandade 8 akayandikira, komanso chotuma atsikana kukatunga madzi anyamata ali pabwalo. Mwawi Kumwenda sakadafika kosewera ntchemberembaye ku Australia akadakhala wosenza ndowa nthawi iliyonse ya masewera.

Tsono pempho langa nali. Aphunzitsi aakulu, nthawi ya masewera ibwerere pamalo pake teremu ino. Mafumu, mabwalo a sukulu asalimidwe, asagulitsidwe. Ndipo inu makolo, mawa m'mawa musanatseke chigubu cha mkaka, yambani mwathirako mwana m'kapu.