Sikelo Imene Sitiiona

Mawu otitsogolera lero ali pa Miyambo 11:1. Pamenepo tiphunzira kuti Mulungu amayang'ana ngakhale sikelo ya wamalonda, ndipo sikelo yobera anthu imamunyansa.

Tonse timaidziwa sikelo ya wogula chimanga, ndipo timaipenyetsetsa. Koma ilipo sikelo ina imene sitiiona. Ndiyo imene atsogoleri amagwiritsa ntchito poika mitengo ya mafuta ndi magetsi, ndiponso malamulo a makala. Lamulo lililonse lotere lili ndi wolipira ndi wopindula. Funso lathu ndi lakuti: katunduyu agwera pamutu pa yani?

Tiyambe ndi mafuta. Mu December 2021 boma linaleka kuikapo ndalama zotsitsira mtengo wa petulo ndi dizilo. Chifukwa chake chinali chomveka. Mafuta otsika mtengo amapindulitsa kwambiri amene ali ndi magalimoto, pamene ndalamazo zikanatha kupita ku sukulu ndi ku zipatala. Komabe mayi wamasiye amene alibe ngakhale njinga nayenso anamva kuwawa. Chigayo chimayendera dizilo. Galimoto yobweretsa mchere, sopo ndi feteleza imayendera dizilo. Mafuta akakwera ku Lusaka, mtengowo umafika mpaka pa mbale ya nsima ya kumudzi.

Kenako kunabwera chilala cha 2024. Pa 29 February chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Madzi atachepa, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse m'malo ambiri. Ena a ife tinkati nkhaniyi ndi ya am'tauni, poti ife sitinakokerepo waya. Koma am'tauni atasowa magetsi anatembenukira ku mbaula, ndipo makala a pa mbaulazo anachokera m'nkhalango zathu. Mitengo ikatha, amene amayenda ulendo wautali kukatola nkhuni ndi amayi athu ndi ana athu aakazi.

Ndiye tiletse makala? Kuteteza nkhalango n'kofunika, pakuti dziko ndi la Ambuye ndipo ife ndife osunga chabe. Koma taganizirani mnyamata amene chimanga chake chinapsa ndi dzuwa, ndipo thumba la makala ndilo likudyetsa ana ake. Kumulanda nkhwangwa osamusonyeza njira ina ndiko kuika katundu yense pa wofooka. Amene anaipitsa kwambiri mpweya wa dziko lapansi ndi mayiko a mafakitale akuluakulu, osati mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke.

Sikuti chilungamo n'chosatheka. Pa mitengo ya magetsi a m'nyumba, mayuniti oyambirira amakhala otsika mtengo, ndipo wogwiritsa ntchito ambiri amalipira zambiri pa yuniti iliyonse yowonjezera. Nzeru imeneyi ikufanana ndi ya pa Levitiko 19, pamene mwini munda analamulidwa kusiya m'mphepete mwa munda osakolola, kuti wosauka ndi mlendo akunkhe. Mulungu sanayembekezere kuti mwini munda amve chisoni. Anaika gawo la wosauka m'lamulo lenilenilo.

Nanga ife tichite chiyani? Akuluakulu anati mwana wosalira amafera mu mbereko. Koma kulira kokha sikukwanira. Akatswiri ofufuza nkhanizi amafunsa kuti, pa ndalama zonse za banja, ndi gawo lanji limene limapita ku moto, kuunika ndi maulendo? K100 yowonjezera ndi yochepa kwa wolandira malipiro aakulu, koma kwa agogo olera ana amasiye ndi ndiwo za masiku angapo. Kafukufukuyu nafenso tingamuchite. Banja lililonse lipeze kabuku. Kwa miyezi itatu tilembe zimene tawononga pa chigayo, makandulo, mabatire, kutchajitsa foni ndi ulendo wa ku chipatala. Tilembenso maola amene amayi ataya potola nkhuni. Amene sadziwa kulemba, mdzukulu wa pasukulu awathandize.

Amayi a Mothers' Union ndi achinyamata asonkhanitse timabukuti, ndipo tipite nato kwa amfumu, kwa akhansala ndi ku komiti ya chitukuko ya wadi yathu. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Tikakhala ndi manambala m'manja, tingathe kupempha molimba mtima magetsi a dzuwa pa chipatala, pa sukulu kapena pa chigayo cha gulu.

Sikelo yathu nayonso ikhale yoona. Eni chigayo, dizilo akatsika mutsitsenso mtengo. Otentha makala, bzalani pamene mwadula.

Tipemphere. Atate wachifundo, patsani atsogoleri athu mtima woyesa moona, kuti katundu wolemera asagwere amene alibe mphamvu. Tipatseni mvula pa nyengo yake, ndipo mutiphunzitse kusunga nthaka ndi mitengo imene munatisungitsa. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.