NYAMAKAZI NDI KUFOOKA KWA MAFUPA

Mawu okambidwa kwa anthu a kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba

Anthu a kwa Mwambo ndi a kwa Kuntumanji aidziwa bwino nthenda ya nyamakazi. Koma nyamakazi ili ya mitundumitundu. Ina imadza ndi ukalamba, maondo akatha ndi ntchito. Ina, imene madotolo aitcha rheumatoid arthritis, siyembekeza ukalamba ayi, ndipo imagwira akazi ambiri koposa amuna. Kawirikawiri imayambira m'zala za manja onse awiri. Mfundo zimatupa ndi kutentha, ndipo m'mawa manja amauma kufikira ola lathunthu. Chiyambi chake si ufiti. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kumenya tizilombo, amasokera nayamba kumenya mfundo za mwiniwake. Chifukwa chake kutema mphini sikuthandiza.

Tsono munthu wa nthenda imeneyi ali ndi mdani wachiwiri amene amadza mwakachetechete. Dzina lake ndi osteoporosis, ndiko kufooka kwa mafupa. Fupa ndi chinthu chamoyo: lakale limasungunuka pang'onopang'ono, latsopano nkumalowa m'malo mwake. Losungunuka likachuluka, fupa limakhala ngati nsichi ya nkhokwe yodyedwa ndi chiswe, kunja yooneka yabwino koma m'kati muli mphako. Munthu samva kupweteka kufikira tsiku limene aterereka pamatope a pamjigo, nathyoka dzanja kapena fupa la m'chiuno. Ena msana umapindika ndipo msinkhu umafupika.

Zifukwa zimene wodwala nyamakazi afookera mafupa msanga zilipo zitatu. Choyamba, kutupa kwa mfundo kumafulumiza kusungunuka kwa fupa. Chachiwiri, ululu umamkhazika munthu pamphasa, ndipo fupa losasenza thupi limachepa mphamvu. Chachitatu ndi mankhwala amene amwa kuti ululu uleke.

M'chaka cha 1948 Dotolo Philip Hench wa ku Mayo Clinic ku America anayesa mankhwala a cortisone pa odwala nyamakazi, ndipo anthu ogona anadzuka nayenda. Mu 1950 analandira mphotho ya Nobel. Koma pasanapite nthawi madotolo anaona kuti mankhwalawo ali ndi mbali yake yoipa. Mbale wake wa cortisone ndiye prednisolone. Amaziziritsa mfundo msanga, koma munthu akamwa miyezi itatu kapena kuposerapo, mafupa amayamba kufooka. Mayi amene analeka kusamba ali pangozi yoposa, pakuti mafupa ake ayamba kale kuchepa.

Nanga wodwala achite chiyani? Asagule prednisolone pamsika, ndipo asalandire kwa mnzake. Amene anayamba kale kumwa asalekenso mwadzidzidzi, chifukwa kutero kungamgwetse m'matenda aakulu. Apite kuchipatala ndi buku lake la umoyo, dotolo ndiye achepetse muyeso pang'onopang'ono. Chipatala chaching'ono chimatumiza odwala otere ku Zomba Central Hospital.

Mankhwala olimbana ndi nthendayo pamuzu pake alipo. Odziwika kwambiri ndi methotrexate. Awa amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, pakuti kumwa tsiku ndi tsiku kungaphe munthu. Mayi wapakati kapena wofuna kutenga pakati sayenera kumwa, ndipo wakumwa mankhwalawa aleke mowa ndi kumapita kukapimitsa magazi. Nyamakazi ikagonja, prednisolone amachepa ndipo mafupa amapulumuka.

Kwa amene mafupa afooka kale, dotolo angathe kupereka mankhwala onga alendronate. Kamwedwe kake kali ndi malamulo. Munthu amwe m'mamawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi, ndipo asagone kapena kudya kufikira patapita mphindi 30, kuti mankhwala asapsereze kummero. Sachotsa ululu, ndipo ntchito yawo sioneka ndi maso. Chifukwa cha ichi ambiri amaleka panjira, koma kulimbitsa fupa kumatenga zaka.

Pa nkhani ya chakudya, anthu a ku Chilwa ali ndi mwayi. Fupa limamangidwa ndi mchere wotchedwa calcium, ndipo matemba ali nawo wambiri chifukwa amadyedwa ndi minga yomwe. Makumba ndi mlamba ndi ndiwo zabwino, koma minga yake anthu amataya. Tsono a padoko la Kachulu asagulitse matemba onse kwa amalonda a ku Zomba ndi ku Blantyre. Agogo a pakhomo asiyiridweko. Nyanjayi imauma nthawi zina, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndipo nsomba zimasowa. Pa nthawi yotere bonongwe, cham'mwamba, khwanya, soya, phala la mawere ndi mkaka zimathandiza. Dzuwa nalo ndi mankhwala, pakuti likawomba khungu thupi limapanga vitamini D amene amalowetsa calcium m'mafupa. Wodwala asabindikiritsidwe m'nyumba. Fodya ndi kachasu zimawononga mafupa.

Wodwala aziyenda pang'ono tsiku lililonse, ngakhale ndi ndodo. Koma mitolo ya nkhuni, ndowa za madzi ndi matumba a mpunga azisenza ndi ana. Abale asalaze pakhomo, achotse miyala ndi zitsa m'njira ya kuchimbudzi, ndipo usiku pakhale nyali. Pokwera bwato la ku Chisi, wina amgwire dzanja.

Munthu akagwa nalephera kuimirira, asamkoke mwendo kapena kumthowa ayi. Amgoneke bwino, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuyambira 1985 dziko la Malawi limaphunzitsa anthu a ntchito ya mafupa, ndipo iwo adziwa chochita. Kuchedwa ndiko kumapundula.

Mafumu, aphunzitsi ndi akulu a mipingo apemphedwa kuwerengera anthu mawu awa, makamaka amayi achikulire amene sadziwa kuwerenga. Pamudzi pakakhala munthu wa zala zotupa amene akumwa prednisolone, abale amperekeze kuchipatala mwezi uno, ndipo akafunse dotolo za mafupa ake.