Mboni Zitatu za Mbiri ya Amaravi

Pa bwalo la mfumu mlandu suweruzidwa ndi mboni imodzi. Momwemonso mphunzitsi wofuna kudziwa za ufumu wa Amaravi, m'zaka za pakati pa 1400 ndi 1800, ayenera kufunsa mboni zitatu.

Mboni yoyamba ndiyo pakamwa pa akulu. Iwo asunga maina a mafumu, mbiri ya pfuko la Phiri ndi la Banda, ndi nkhani ya Undi amene anasiyana ndi Kalonga nakamanga mudzi wace ku Mano, m'dziko la Mozambique. Mau otere anawasonkhanitsa Samuel Ntara m'buku la Mbiri ya Acewa, ndiponso Harry Langworthy, amene anatsiriza kulemba za ufumu wa Undi mu 1969. Koma akulu sawerenga zaka, ndipo kawirikawiri mudzi uli wonse ukweza kholo lace.

Mboni yaciwiri ndiyo makalata a Apwitikizi. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda ulendo wocokera ku Tete kufikira ku Kilwa, naceza kwa mfumu Muzura panjira. Mu 1831 António Gamitto anapyola dziko la Acewa pomuka kwa Kazembe, ndipo buku lace linasindikizidwa mu 1854. Awa apatsa zaka zeni-zeni, koma anali alendo apaulendo, nalemba maina monga anawamvera m'makutu mwao.

Mboni yacitatu ndiyo nthaka. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka ku Malawi, kumene kunali mudzi wa Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda, mkuwa, minyanga ya njobvu ndi mapale a mbale zocokera ku China, ndipo buku lace linaturuka mu 2020. Zimenezi zitsimikiza kuti Amaravi anali pa malonda ndi anthu a ku nyanja yamcere. M'boma lino la Katete muli phanga la Makwe, limene David Phillipson anafukula, ndipo pa miyala yace pali zithunzi zakale. Koma phale silinena dzina la mwini wace.

Cotero mboni iri yonse iri ndi cirema cace, ndipo coona cipezeka pozilinganiza. Makalata ali m'nyumba zosungiramo mabuku, mapale akhoza kudikira m'nthaka zaka zambiri, koma nkhalamba sidikira. Ikamwalira osafunsidwa, mbiri yace ilowa nayo m'manda.

Pamenepa ndipo pali nchito ya mphunzitsi. Mwezi wa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika kudzalamba Kalonga Gawa Undi, mphunzitsi apite ndi kope, akhale pansi mwaulemu, namvetsere. Alembe mau monga anenedwa, osawakonza. Alembenso dzina la wonena, pfuko lace, mudzi wace, tsiku, ndi amene anamuuza nkhaniyo. Akulu awiri akatsutsana, alembe zonse ziwiri. Pambuyo pace aphunzitse ana a sukulu kucita comweco kwa agogo ao, ndipo makope asungidwe pa sukulu, pouma ndi posafika ciswe.