KOMPYUTA IMAŴERENGERA, KOMA MUDZI NDIWO UMADZIŴA

 Funso limene ndabwera nalo ndi lija limamveka pachitsime ndi pamaliro pomwe: kodi amasankha ndani mabanja olandira chithandizo cha Mtukula Pakhomo? Ambiri mumati ndi kompyuta. Yankho limeneli n'loona mbali imodzi yokha.

Chithandizochi chidayambira m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 chidali chitafalikira m'maboma onse 28. Malamulo amene chidayamba nawo adali aŵiri. Loyamba, banja likhale losaukitsitsa. Lachiŵiri, likhale lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena wamphamvu mmodzi akhale akusamala anthu oposa atatu, monga ana, nkhalamba ndi odwala. Pa mabanja khumi alionse, limodzi lokha ndilo linkaloŵa.

Tsono popeza munthu wakumudzi alibe chikalata chosonyeza zimene amapeza, alembi amafika pakhomo ndi mafunso. Kodi denga ndi laudzu kapena lamalata? Pansi ndi pozira kapena pasimenti? Muli ndi ziŵeto? Mayankhowo amaloŵa m'kaundula wa boma, ndipo kompyuta imapatsa yankho lililonse mlingo wake, niyala mabanja pamndandanda kuyambira losaukitsitsa. Milingo imeneyi adaiika ndi anthu, kompyuta imangotsata.

Ubwino wake ndi woonekeratu: kompyuta ilibe mphwake, ndipo silandira nkhuku usiku. Koma ilibenso maso. Taganizani za gogo amene malemu amuna ake adamsiyira nyumba yamalata, pamene m'nkhokwe mulibe ngakhale chitsononkho, ndipo adzukulu anai amasiye akumuyang'ana. Malata aja angamkankhire kutali pamndandanda, chonsecho malata sadyedwa.

Musaganize kuti zolakwa zotere n'za maiko osauka okha. M'chaka cha 2016 boma la Australia lidasiyira makina ntchito yofufuza amene adalandira chithandizo choposa muyeso. Makinawo ankatenga ndalama zimene munthu adapeza chaka chonse n'kuzigaŵa mofanana pa masabata aŵiri alionse. Motero wogwira ntchito miyezi itatu yokha ankaoneka ngati adali pantchito chaka chathunthu, ndipo ankalandira kalata yoti abweze ngongole imene sadaidziŵe. Inu amene mumagwira ndalama kamodzi pachaka mukagulitsa mbeu mukuona kulakwa kwake. M'chaka cha 2020 bomalo lidavomera kubweza ndalama zokwana madola a dzikolo 721 miliyoni, koma mabanja ambiri adali atavutika kale.

Choncho, abale anga, ndikupempha zinthu zitatu. Alembi akafika, tiyankhe zoona, pakuti wobisa mbuzi kwa mnansi amalanda chakudya pakamwa pa mwana wamasiye. Tsiku loŵerenga maina pabwalo tisakhale kunyumba. Tibwere, timvetsere, ndipo dzina la wosayenera likamveka, kapena la gogo uja likasoŵa, tinene mwaulemu koma mosaopa. Ndipo inu akuofesi, munthu akadza ndi dandaulo, musamubweze ndi mau akuti "yakana ndi kompyuta." Muuzeni lamulo limene lamlepheretsa, ndipo ngati zolembedwazo n'zolakwika, pitani mukaone pakhomo pake. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.