Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsanzikana ndi Ophunzira a Fomu 4



Mwambo usanayambe ndinacheza ndi ena mwa inu, ana athu a Fomu 4. Wina akufuna unamwino, wina uinjiniya, wina akuti adzawamangira mayi ake nyumba yamalata. Mtima wanga wasangalala, ndipo wina asakunyozeni chifukwa cha maloto amenewa. Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti nditafunsa zomwe muyambe kuchita mayeso a MSCE akatha, ambiri munayang'ana pansi.

Tamverani nkhani iyi: ku Wimbe, m'boma la Kasungu, njala ya 2001 ndi 2002 inapha anthu. Makolo a William Kamkwamba analephera kumulipirira fizi, mnyamatayo n'kusiya sukulu. Kodi mukuganiza kuti ndi iye yekha ankalakalaka magetsi m'mudzimo? Ayi. Aliyense wotsokomola ndi utsi wa koloboyi ankawalakalaka. William, ali ndi zaka 14, anapita ku laibulale ya pasukulu ya pulayimale n'kubwereka buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira zithunzi. Pofuna kupanga makina amphepo opangira magetsi, anayamba kutoleza zitsulo kudzala ndi zinthu zina: chokupizira cha thirakitala, mapaipi apulasitiki omwe ankawawamba pamoto n'kuwaphwatalala, njinga yakutha ya bambo ake, ndi mitengo ya bulugama yomangira nsanja. Anthu pomuona ankati wachita misala, ena ankati akusuta chamba. Tsiku lina mphepo inawomba, makinawo anazungulira, babu linayaka m'manja mwake anthu akuona.

Za ku Arusha kumene anakayankhula mu 2007, za digiri yake ya ku Dartmouth College mu 2014, ndi za filimu ija yonena za moyo wake, mumazidziwa. Ine chimandigwira mtima ndi miyezi ija yotoleza zitsulo akusekedwa, m'mimba muli gwaa, popanda womulonjeza kanthu. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ana anga, musadikire malume a ku Joni kuti akutumizireni mpamba. Dimba lilipo, mabuku alipo, amisiri ofuna wowathandiza alipo pamsika pompano.

Makolo, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. William sanachite yekha. Dayinamo anamugulira ndi mnzake, ndipo woyang'anira laibulale sanamubweze pakhomo ngakhale anali wosiya sukulu. Tonse timafuna ana athu adzakhale anthu, koma ndi angati amene tinabwera kudzaumba njerwa pamene sukulu inatiitana?

Choncho ndikupempha aphunzitsi aakulu ndi komiti kuti laibulale ya pano izitsegulidwa masana, ngakhale kwa ana amene anasiyira sukulu panjira. A Gulupu, mutithandize kulengeza zimenezi m'midzi yanu sabata ino.

Mulungu akudalitseni pa mayeso anu.