Mimba Nayonso Imadutsa pa Boda

Atandiuza kuti ndidzayankhule lero, ndinkayesa kuti andipatsa mutu wa ngongole kapena wa masheya. Koma akuti, "Inu mudzakambe za chakudya, pajatu mumadziwa poti pakununkhira pa boda iliyonse." Sindinakane, chifukwa ndi zoona.

Ine ndinabadwira ku St Mary's. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo anakalambira konkuno. Kunyumba tinkayankhula Chichewa, panja Chishona. Mphika umodzi womwewo bambo ankati ndi nsima, anzathu a pafupi ankati ndi sadza. Ndinakula ndikuganiza kuti kusiyana kwake ndi dzina chabe, mpaka tsiku limene ndinafika ku Blantyre koyamba n'kudya nsima ya ufa woyera, wokonola ndi kunyika. Inali yofewa moti ndinadya mitanda itatu, koma patangopita maola awiri njala inayambiranso. Azakhali anandiseka, akuti mimba yanga ndi ya mgaiwa.

Geni yodutsa malire ndinayiyamba mu 2008. Amene munali kuno mukukumbuka. M'mashopu munalibe kanthu, ndalama ukailandira m'mawa, pofika madzulo siyigulanso ngakhale buledi. Tinkapita ku Musina kukagula ufa, mafuta ophikira ndi sopo. Chaka chomwecho mu August kolera inabuka kuno ku Chitungwiza, n'kufalikira dziko lonse, ndipo anthu opitirira 4,000 anamwalira. Ife tinaika maliro mumsewu mwathu momwe. Kuyambira pamenepo ndinachita mantha ndi chakudya cha panjira. Ndinalumbira kuti sindidzadya chophika munthu amene sindimudziwa. Komanso, ndisakunamizeni, kunali kuumira. Ndinkaona kuti dola iliyonse imene ndadya ndaluma mpamba.

Ndiye ndinkanyamula kamba. Mpunga, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, zonse m'kabakete.

Ulendo wina, nditangolowa kumene m'gulu lathuli, ndinatenga ngongole ya madola 300 kuti ndikapikule zitenje ndi mpunga wa Kilombero ku Malawi. Ndinaphika usiku, m'mamawa n'kukwera basi ku Harare. Tinadutsa Mutoko bwinobwino, koma pa Nyamapanda ndi Cuchamano tinakhalapo maola ambiri chifukwa cha mzere. Unali mwezi wa October. Amayi a ku Tete, inu mukudziwa dzuwa la kwanu, silicheza. Titadutsa Changara ndinatsegula kabakete kaja. Kafungo kanalipo ndithu, koma ndinati ndingataye nkhuku yathunthu ine? Ndinadya.

Pofika pa mlatho wa Zambezi m'mimba munali mutayamba kale kuwira. Pa Zobue ndinatsika kanayi. Ku Mwanza sindikumbukanso amene anandidindira pasipoti. Ndinagona masiku anayi kwa azakhali ku Ndirande, ndalama ya mpamba ikupita ku mankhwala ndi ku thiransipoti ya kuchipatala. Ndinabwera ndi theka la katundu amene ndinkafuna, ndipo ngongole ija ndinabweza mochedwa ndi mwezi wathunthu, pamodzi ndi chindapusa. Asungichuma athu a nthawi imeneyo ali pompano, akumwetulira uko. Chakudya chimene chinandigwetsa sichinali cha mlendo ayi. Ndinaphika ndekha, m'khitchini mwanga.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa ku Zengeza, amene tsopano anatisiya. Ulendo wotsatira tinakhala mpando umodzi. Basi itaima ku Tete anandigwira dzanja, akuti, "Mwanangu, tiye." Sanalowe pamalo oyamba amene tinapeza. Anayenda pang'onopang'ono akuyang'ana. Anandiuza kuti usamaone chikwangwani, uziona utsi ndi anthu. Pamene pakudya madalaivala a mathiraki ndi amayi a mumsika womwewo, chakudya sichigona. Nyama ichoke pamoto iwe ukuona. Madzi osamba m'manja akuthirire kuchokera mujagi, osati nonse kuviika m'beseni limodzi. Zosaphika, monga kabichi wodula ndi tomato, uzisiye. Madzi akumwa ugule a m'botolo losatsegula. Tsiku limenelo ndinadya nkhuku yowotcha ya piripiri ndi kabuledi kawo kaja amati pão, kolimba kunja, kofewa m'kati. Misozi inatuluka ndi tsabola, koma mimba inakhala phee mpaka ku Wenela.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulawa. Ku Tete nyama ya mbuzi ndi nsomba ya pende ya ku Cahora Bassa. Ku Lusaka, titatopa ndi kuzungulira ku Kamwala, anzathu a ku Zambia ananditengera kumene amaphika ifisashi, ndipo nditalawa ndinaseka. Si ndiwo zotendera zomwezi? Kuno timati muriwo une dovi. Koma chikanda chokha ndiye chinandizunguza mutu. Ndinkayesa ndi polony, ndinakana kuti sindidya nyama yosaidziwa, pomwe ndi tizinthu ta pansi ngati timbatata tosakaniza ndi nsinjiro. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi chinaka chomwe chija mayi anga ankachikamba. Ku Nakonde ndi Tunduma ndinadya tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, amati chipsi mayai. Chimenecho chimagwira mimba tsiku lonse, ndipo munthu wa geni amafuna zotero.

Ku Johannesburg ndiye kunandichititsa manyazi. Ndinkagula nsapato kwa mayi wina wa ku Ethiopia m'tauni, cha kumsewu umene ambiri timautchulabe Jeppe. Tsiku lina anandiitana kuti tidye. Anabweretsa mbale yaikulu, pansi atayala chinthu chotuwa, chofewa, cha timaenje timaenje. Ine ndinkayesa kansalu koyalira, ndiye ndinakhala chete kudikira nsima. Mayiyo anang'amba kansalu kaja, n'kutapira ndiwo, n'kudya. Imeneyo ndiyo injera, amapanga ndi ufa wa teff, ndipo imawawasa ngati thobwa logona. Kulawa koyamba sindinaikonde, sindibisa. Koma ndinamaliza mbali yanga, tinamwa khofi wowawa m'timakapu ting'onoting'ono, ndipo pamene ndinkatsanzika anandichotsera mtengo pa bokosi lililonse popanda ine kupempha. Mpaka lero ndikachepekedwa amandipatsa katundu pa ngongole. Kwa zaka ziwiri ndinkangomupatsa ndalama iye n'kundipatsa nsapato, osadziwana. Tinadziwana tsiku la mbale ija.

Pali china chimene ndinachipeza m'mbale. Ku Blantyre ndinkadya usipa, ndipo ndinakumbuka mmene bambo anga ankadandaulira kuti matemba a ku Kariba ndi abwino koma si usipa wa kwawo. Ndinaganiza za agogo onse a ku Malawi amene ali ku St Mary's, ku Mbare, ku Mufakose, amene sanapitenso kumudzi. Ndinayesa kathumba kamodzi. Sikanafike ngakhale pa tebulo langa ku Chikwanha, kanathera pa tchalitchi. Agogo ena aamuna anangonunkhiza, n'kukhala pansi osayankhula. Lero zitenje ndimagulitsabe, koma fizi ya mwana wanga wa Fomu 4 imachokera mu usipa ndi mpunga. Chenjezo lokha: musanapikule zakudya zambiri, yambani mwafunsa pa boda za mapepala ake, chifukwa nsomba, nyama ndi mbewu zili ndi malamulo akeake. Ine ndinalandidwapo thumba lathunthu chifukwa chosafunsa.

Tsopano pempho langa kwa a komiti. Gulu ngati lathuli kuno timalitcha mukando, ku Malawi banki m'khonde kapena chipereganyu, ku Zambia chilimba, ku Mozambique xitique, ku South Africa stokvel. Mayina ndi ambiri, koma ndaona vuto limodzi ponseponse. Mayi akamatenga ngongole timamufunsa za thikiti ya basi, za msonkho, za katundu. Palibe amene amamufunsa kuti adya chiyani masiku anayi amenewo. Ndiye amayenda ndi njala, kapena ndi kabakete ngati kanga kaja, kapena amaluma mpamba osalemba, pobwera masamu osagwirizana. Ena mwa ife tikumwa mankhwala a shuga, a BP, ma ARV. Mapiritsi ena mwa amenewo salola m'mimba mopanda kanthu. Ndikupempha kuti pa fomu ya ngongole tiwonjezere mzere umodzi wa ndalama ya chakudya cha panjira, ndipo mayi aziisunga payokha, osasakaniza ndi ya katundu. Ine ndimaika m'kachikwama kena, n'kusinthiratu pang'ono kukhala ma metical ndi makwacha kuti ndisamatulutse madola pagulu.

Ndipo nthambi iliyonse itilembere malo awiri kapena atatu amene amayi ake amadyako, kuti wobwera koyamba asamangoima pa depoti ngati nkhuku yachilendo. Ya Chitungwiza ndayamba kale kulemba. Alendo athu amene mugona kuno, mawa masana tikumane pa Chikwanha. Kuli mazondo ndi sadza ya zviyo, ija ya mawere. Amayi a ku Blantyre, musadzapemphe ufa woyera, kulibe.